Nazale ya boma ndi yaulere, koma malo a mwana wa ku Kanyama ali kuti?

Kuyambira mu Januwale 2022, sukulu za boma mu Zambia sizilipiritsa fizi kuyambira kalasi ya ana aang'ono mpaka giredi 12. Koma mukayenda m'mawa ku Kanyama, ku Chawama, kwa George kapena ku Mtendere, tiana ta zaka 4 tomwe mukumane nato titabereka zikwama sikuti tonse tikupita kusukulu ya boma. Tambiri tikulowa m'nyumba ya munthu yomwe anagumula khoma lapakati n'kujambula zilembo ndi njovu pampanda, kapena m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi, ndipo kumeneko makolo amalipira mwezi ndi mwezi. Tina sitipita kulikonse. Tili kumsana kwa amayi awo ku Soweto Market, kapena tasiyidwa pakhomo kuti aneba azitiponyera diso.

Zoti mwana ayambe kuphunzira asanafike giredi 1 palibe amene amazitsutsa. Andale a chipani chilichonse amadziwa kunena kuti m'mera mpoyamba. Pamene nkhani imavuta ndi pa zimene lamulo liyenera kunena kuti mawu amenewa asanduke chipinda, mphunzitsi ndi chimbudzi. Panamveka mawu oti maphunziro aulere akhazikike m'lamulo, koma ine ndikuona kuti lamulo loletsa fizi lokha lithandiza mwana amene malo wawapeza kale. Kwa amene akadali kunja, omwe mu Lusaka ndi ochuluka, chofunika ndi lamulo lomanga boma kuti lipereke malowo, litchule ndalama zake, komanso linene chochita ndi nazale zing'onozing'ono za m'makomboni zomwe zakhala zikusenza katunduyu kwa zaka zambiri.

Kumene nkhaniyi yachokera

Lamulo loyamba lokhudza malo osungira ana aang'ono linabwera m'nthawi ya atsamunda. Ndi Day Nurseries Act ya mu 1957, ndipo mphamvu yolembetsa ndi kuyendera malowa linaipereka kwa makhonsolo. Izi zikuonetsa mmene boma la nthawiyo linkaionera nkhaniyi: nazale inali malo osiyako mwana kuti kholo lipite kuntchito, ofunika kungoona ngati ndi aukhondo, osati sukulu. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mtima wonse unali pa kumanga mapulayimale ndi masekondale, ndipo m'pomveka, popeza anthu ophunzira anali ochepa kwambiri. Ana aang'ono anatsalira m'manja mwa makhonsolo, mipingo, makampani a migodi ndi anthu wamba. Mu 1972 munakhazikitsidwa Zambia Pre-School Association kuti ilumikize ena mwa iwo.

Ngakhale ndondomeko yaikulu ya maphunziro ya mu 1996, yotchedwa Educating Our Future, inavomereza kufunika kwa zaka zoyambirira koma n'kusiyira ntchito yotsegula ndi kuyendetsa nazale kwa makhonsolo, anthu a m'madera, mabungwe ndi eni bizinesi. Pamene malemu a Levy Mwanawasa analengeza pulayimale yaulere mu 2002, inali ya giredi 1 mpaka 7 basi. Mu 2004 udindo woyang'anira maphunziro a ana aang'ono unachoka ku unduna wa makhonsolo n'kupita ku unduna wa zamaphunziro, koma pansi sipanasinthe zambiri.

Kusintha kwenikweni papepala kunabwera ndi Education Act nambala 23 ya mu 2011, yomwe inalowa m'malo mwa lamulo la mu 1966. Lamuloli limatchula chisamaliro ndi maphunziro a ana aang'ono ngati ufulu wa munthu, limati mwana ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira aulere, ndipo linazindikira sukulu za anthu a m'madera ngati mtundu wa sukulu wovomerezeka pamodzi ndi za boma, za eni ake, ndi zothandizidwa ndi boma monga za mishoni. Boma la malemu a Michael Sata ndilo linayamba kuikapo ndalama: mu 2013 linalemba ntchito aphunzitsi 1,000 a ana aang'ono, koyamba m'mbiri ya dziko lino, ndipo makalasi a nazale anayamba kulumikizidwa ku mapulayimale a boma. Kenako unduna unatsegula nthambi yapadera yoona za gawoli.

Komabe kufika mu 2017 ndi 2018, mabuku a chiwerengero a unduna ankaonetsa kuti mwa ana 10 oyamba giredi 1, amene anadutsako kunazale sankakwana 3. Ndipo m'zaka zimenezo, gawo la ana aang'ono linkalandira ndalama zosafika 1 peresenti ya bajeti yonse ya zamaphunziro. Ufulu unali utalembedwa kale m'lamulo kuyambira 2011. Apa ndi pamene munthu ayenera kuima n'kufunsa kuti ufulu wolembedwa umagwira ntchito yanji ngati suuza aliyense chochita.

Ndondomeko ndi lamulo n'zosiyana

Maphunziro aulere a mu 2022 anabwera ngati ndondomeko ya boma la a Hakainde Hichilema, kudzera m'bajeti yomwe nduna ya zachuma, a Situmbeko Musokotwane, inapereka ku Nyumba ya Malamulo mu Okutobala 2021. Fizi inachotsedwa, ndalama za PTA ndi za mayeso nazonso, ndipo boma linawonjezera ndalama zomwe limatumiza kusukulu kuti zilowe m'malo mwa zimene makolo ankapereka. Chaka chomwecho cha 2022 analemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Ana anakhamukira kusukulu, makalasi anadzaza, ndipo aliyense amene ali ndi mwana pasukulu ya boma mumzinda muno akudziwa mmene zilili.

Ndondomeko imasinthidwa ndi nduna patebulo limodzi. Boma lina likabwera, kapena ngongole zikafinya monga zinachitira mu Novembala 2020 pamene dziko linalephera kulipira obwereketsa akunja, chinthu chomwe chinabwera ndi chilengezo chikhoza kupita ndi chilengezo. Apa ndi pamene panachokera mawu oti maphunziro aulere akhazikike m'lamulo. Lamulo kuti lichotsedwe pamafunika kubwerera ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill, aphungu n'kuvota anthu akuona.

Pali chinanso chimene ambiri amaiwala. Gawo la maufulu m'malamulo aakulu a dziko lino silitchula maphunziro. Pa 11 Ogasiti 2016, tsiku lomwelo la chisankho, kunali riferendamu yofuna kuwonjezera maufulu monga maphunziro ndi zaumoyo. Ovomereza anachuluka kuposa okana, koma sanafike theka la anthu onse oyenera kuvota monga lamulo limafunira, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo. Choncho kholo lofuna kudandaula kuti mwana wake wamanidwa malo limadalira malamulo wamba, monga uja wa mu 2011 ndi Children's Code Act nambala 12 ya mu 2022, yomwe inasonkhanitsa malamulo okhudza ana pamodzi ndipo imatchulanso ufulu wa mwana wophunzira. N'chifukwa chake mawu enieni olembedwa m'malamulo wambawa ali ofunika kwambiri.

Njira ya bilu ndi yodziwika. Unduna umapempha chilolezo cha kabineti, a unduna wa zachilungamo amalemba, bilu imawerengedwa koyamba m'Nyumba ya Malamulo n'kutumizidwa kukomiti, komiti imaitana anthu ndi mabungwe kuti apereke maganizo, aphungu amakambirana ndi kukonza ndime ndi ndime, kenako ikadutsa imapita kwa Pulezidenti yemwe ali ndi masiku 21 oti asaine kapena kuibweza. Pomwe munthu wamba angalowetsepo mawu ndi pakomiti paja. Koma zambiri zomwe zimakhudza mwana tsiku ndi tsiku, monga kuchuluka kwa ana m'kalasi kapena mtundu wa chimbudzi, sizilembedwa m'lamulo lenilenilo. Zimasiyidwira nduna kuti idzazilembe m'malamulo aang'ono otchedwa SI. Lamulo likhoza kusainidwa ndi nthungululu, SI n'kutha zaka osatuluka. Ndiye powerenga bilu, muziyang'ana mawu awiri: pamene akuti nduna "iyenera" kuchita chinthu, ndi pamene akuti "ikhoza". Nkhani yonse imagona pamenepo.

Kodi nazale imathandizadi?

Imathandiza, koma osati iliyonse, ndipo olimbikitsa nkhaniyi sakonda kutchula mbali yachiwiriyo.

Umboni wotchuka kwambiri ndi wa ku Ypsilanti, m'boma la Michigan ku America, komwe m'zaka za m'ma 1960 anatenga ana 123 a m'mabanja osauka, ena n'kuwaika pa nazale ya Perry, ena ayi, kenako n'kuwatsatira mpaka atakula. Amene anadutsa kunazale ankapeza ndalama zambiri ndipo ankamangidwa mochepa. Katswiri wa zachuma James Heckman anawerengera kuti ndalama zomwe zinalowa pamenepo zinkabweza phindu la pakati pa 7 ndi 10 peresenti pachaka. Koma nazale ya Perry inali ndi aphunzitsi ophunzira bwino, aliyense ndi tiana tochepa, ndipo ankayendera mabanja sabata iliyonse. Kutenga nambala za Perry n'kuzipaka pa kalasi ya ana 80 ndi mphunzitsi mmodzi n'kudzinamiza.

Pafupi ndi kwathu kuno, m'chigawo cha Gaza ku Mozambique, bungwe la Save the Children linatsegula nazale za m'midzi kuyambira mu 2008, zotsika mtengo, zoyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi momwemo. Ofufuza a World Bank anapeza kuti ana odutsamo ankalowa pulayimale mochuluka ndiponso pa msinkhu woyenera, komanso owasamalira ankapeza mpata wogwira ntchito. Mbali imeneyi ya mpata ndi yaikulu kwa mayi wa mu Lusaka amene amadzuka 4 koloko kukaoda tomato.

Ndiye pali Tennessee, ku America komweko. Boma la kumeneko linakulitsa nazale zaulere m'sukulu zake, ndipo ofufuza a ku Vanderbilt University anatsatira ana pafupifupi 3,000. Zotsatira zomwe anatulutsa mu 2022 zinadabwitsa anthu: pofika giredi 6, ana odutsa kunazalezo ankakhoza mochepa ndipo ankalangidwa kwambiri kusukulu kuposa anzawo omwe sanapiteko. Akatswiri akutsutsanabe za chifukwa chake, koma ambiri amaloza ku chinthu chomwe ifenso timachidziwa: kutenga mwana wa zaka 4, kumukhazika padesiki tsiku lonse, n'kumamuphunzitsa ngati wa giredi 1. Lamulo longothamangira kuchulukitsa mayina m'kaundula likhoza kutifikitsa komweko.

Malo

Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu pafupifupi 2.2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha. Ambiri amakhala m'makomboni omwe anamera popanda mapulani, kumene nyumba zinadzaza malo onse msewu, ngalande ndi sukulu zisanaganiziridwe. Njira imene boma lakhala likugwiritsa ntchito kuyambira 2013 ndi yolumikiza kalasi ya nazale ku pulayimale yomwe ilipo kale. Kumudzi vuto la njira imeneyi ndi mtunda, popeza mwana wa zaka 4 sangayende makilomita angapo. Mumzinda vuto ndi chipinda. Pulayimale yomwe ikuphunzitsa kale mosinthana, ena m'mawa ena masana, ikapatula chipinda chimodzi cha ana aang'ono ndiye kuti yayesetsa, koma chipinda chimodzicho chikuyang'anizana ndi komboni yonse. Zili ngati kulengeza kuti basi ya ku Chilenje lero ndi yaulere, pamene pa siteshoni pali basi imodzi.

Amene amapeza malo ochepawo kawirikawiri ndi kholo lomwe lamva msanga, lili ndi nthawi yoima pamzere, kapena likudziwana ndi wina pasukulupo. Wosaukitsitsa ndiye amamva mochedwa. Lamulo likhoza kukonza zimenezi popanda ngakhale ngwee imodzi, pongonena mmene malo azigawidwira akachepa: oyamba akhale ana a m'dera lomwelo, a m'mabanja olandira thandizo la ndalama la boma, olumala, kapena amene atsala chaka chimodzi kuti ayambe giredi 1. Popanda ndime yotero, aheadi amatsala okha kulimbana ndi khamu la makolo pageti.

Ena amati ndalama zomangira zilipo, ndi CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu. N'zoona kuti thumba limeneli linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu lililonse mu 2022, ndipo lakhala likukwera chaka ndi chaka, ndipo lamanga makalasi ndi kugula madesiki ambiri. Koma ndalamayi imagawidwa mofanana pa dera lililonse. Mu 2022 mzinda wa Lusaka unali ndi madera 7 okha, Chawama, Kabwata, Kanyama, Lusaka Central, Mandevu, Matero ndi Munali, kutanthauza anthu oposa 300,000 pa dera limodzi mukagawa mofanana, ndipo ena monga Kanyama anali ochuluka kuposa pamenepo. Dera la kumudzi la anthu ochepa kangapo limalandira zomwezo. Kuwonjezera apo, CDF imamanga khoma koma silipira mphunzitsi, ndipo m'komiti ya dera kalasi ya tiana ikupikisana ndi mjigo, chipatala cha amayi oyembekezera ndi mlatho. Ntchito ya ZEEL, pulojekiti ya maphunziro a ana aang'ono yomwe boma linayamba ndi thandizo la World Bank ndi Global Partnership for Education, inakonzedwa kuti imange malo aakulu amodzi ozunguliridwa ndi ang'onoang'ono apafupi ndi nyumba za anthu. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma ndalama za pulojekiti zimakhala ndi tsiku lothera.

Nanga nazale za m'makomboni zija? Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anthu ena okonda malamulo okhwima. N'zoona kuti zina mwa izo n'zoipa. Ana 40 m'chipinda chopanda zenera, chimbudzi chimodzi chokumba cha nyumba yonse, "aunt" wosaphunzira ntchito amene chida chake ndi kamtengo, ngakhale kuti malamulo a mu 2011 ndi 2022 amaletsa kumenya ana. Mumzinda womwe kolera inachedwetsa kutsegula sukulu mu 2018, ndiponso mu 2024 pamene ana anayenera kubwerera pa 8 Januwale koma anabwerera pa 12 Febuluwale, Heroes Stadium itasanduka chipatala, nkhani ya madzi ndi zimbudzi si yochitira chibwana.

Koma mukalemba lamulo loti nazale iliyonse ikhale ndi bwalo lalikulu losewerera, chikalata cha umwini wa malo ndi mphunzitsi wa dipuloma, zomwe zingakwanitse ndi za ku Kabulonga ndi Woodlands. Za ku Misisi ndi Chaisa zidzapitiriza kugwira ntchito mobisala, zikwangwani atazula, ndipo woyendera sadzalowamo n'komwe. Ana sadzapita kunazale yabwino chifukwa choti yoipa yatsekedwa. Adzabwerera kumsana kwa amayi. Njira yanzeru ndi kulembetsa mwamasitepe. Pakhale zinthu zochepa zomwe sizikambirana: madzi aukhondo, chimbudzi choyenera mwana wamng'ono, malo osamba m'manja, chitseko chotulukira moto ukabuka, osamenya, ndi kufufuza mbiri ya aliyense wogwira ntchito ndi ana. Amene wakwanitsa zimenezi alembetsedwe motsika mtengo, apatsidwe zaka zoti afike pa sitepe yachiwiri, ndipo alandire kanthu: maphunziro a aphunzitsi ake, mabuku, ngakhale ndalama pa mwana aliyense posinthana ndi kutsitsa fizi. Boma limalipira kale aphunzitsi m'sukulu za mishoni zothandizidwa, ndipo lamulo la mu 2011 linatsegula khomo kwa sukulu za anthu a m'madera zomwe mabungwe monga ZOCS akhala akuzithandiza kuyambira m'ma 1990. Choncho si chinthu chachilendo. Ku South Africa boma limapereka ndalama pa mwana aliyense patsiku ku malo olembetsedwa a m'madera osauka, ngakhale kuti kumenekonso akudandaula kuti zofunika polembetsa n'zovuta moti osaukitsitsa amatsala kunja. Tikhoza kuphunzirapo pa zonse ziwiri.

Mphunzitsi ndi mbale

Teaching Profession Act ya mu 2013 inakhazikitsa Teaching Council of Zambia, ndipo imafuna kuti mphunzitsi aliyense alembetsedwe. Makoleji akutulutsa aphunzitsi a ana aang'ono chaka ndi chaka, ndipo ambiri ali pakhomo kudikira kuti boma lilengeze zolemba ntchito. Nthawi yomweyo m'nazale za m'makomboni muli amayi omwe asamalira ana kwa zaka zambiri opanda pepala lililonse. Lamulo labwino liyenera kupeza njira ya onse awiri: mphunzitsi wa dipuloma woyang'anira malo angapo, ndi wothandizira wozindikiridwa, wophunzitsidwa mwachidule, wolandira malipiro. Anzathu a ku Malawi ali ndi sukulu za mkombaphala zikwizikwi m'midzi, koma kwa zaka zambiri zakhala zikudalira olera ana ongodzipereka, ndipo munthu wosalipidwa nyengo ya dzinja ikafika amapita kumunda. Ntchito yosiyira mtima wabwino wa amayi imatha tsiku lomwe amayiwo atopa.

Chinanso chomwe chimachitika mwakachetechete ndi chakuti mphunzitsi wa nazale akatumizidwa ku pulayimale yosowa aphunzitsi, aheadi amatha kumupatsa giredi 2, tiana n'kutsala. Ndime imodzi yoteteza malo a ntchito amenewa ikhoza kuletsa zimenezo.

Za chakudya ndingonena mwachidule. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 osakwana zaka 5 mu Zambia ndi opinimbira. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko kumapeto kwa Febuluwale chaka chimenecho, chinaonetsa mmene mbale ya phala imasungira ana kusukulu. Ndipo kuwonongeka kwakukulu kumachitika mwana asanakwane zaka 2, nazale isanamuone. Ku Kingston, Jamaica, m'ma 1980, azaumoyo ankayendera ana opinimbira m'nyumba zawo sabata iliyonse kwa zaka 2, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza nawo. Patatha zaka 20 anawo ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi 25 peresenti. Lamulo la unduna wa zamaphunziro lokha silingafike kumeneko. Liyenera kulumikizana ndi sikelo ya kuchipatala, komwe pafupifupi mayi aliyense amafika ndi khadi la mwana.

Kukakamiza, ndi chilankhulo

Mu 2015 mayiko anagwirizana ku Incheon kuti mwana aliyense azipeza chaka chimodzi cha maphunziro aulere ndi okakamiza asanayambe pulayimale, ndipo cholinga cha chitukuko cha mayiko onse chotchedwa SDG 4.2 chinaika malire a 2030. Ena anayamba kale. Ghana inaika zaka 2 za nazale m'maphunziro aulere ndi okakamiza m'lamulo la mu 2008. Ku South Africa a Cyril Ramaphosa anasaina lamulo la BELA mu Seputembala 2024, lomwe linachititsa Grade R, kalasi ya chaka chimodzi mwana asanayambe giredi 1, kukhala yokakamiza, ndipo funso loyamba lomwe zigawo za dzikolo zinafunsa linali loti ndalama za aphunzitsi zichokera kuti. Kenya inapereka nazale ku maboma a zigawo m'malamulo aakulu a mu 2010, ndipo zotsatira zake n'zoti malipiro a aphunzitsi ndi ubwino wa makalasi zimasiyana kwambiri chigawo ndi chigawo. Amene akufuna kubwezera ntchitoyi ku Lusaka City Council m'dzina la kugawa mphamvu ayang'ane Kenya kaye.

Kwa ife, kukakamiza kholo lero kungakhale kupanda chilungamo. Simungaopseze munthu ndi chindapusa chifukwa chosatumiza mwana kumalo omwe kulibe. Kukakamiza kuyambe ndi boma: lamulo litchule chaka chimene mwana aliyense wa zaka 5 adzakhale ndi malo pamtunda woti angayende, nduna izipereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse boma ndi boma, ndipo udindo wa kholo udzayambe malowo atapezeka. Komanso pasakhale sukulu yokana mwana giredi 1 chifukwa sanapite kunazale, kapena chifukwa alibe chikalata chobadwira, chomwe kafukufuku yemwe uja wa mu 2018 anapeza kuti ana ambiri alibe.

Silabasi yatsopano ya mu 2023, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025, yachititsa nkhaniyi kukhala yachangu. Mwana tsopano akuyamba giredi 1 ali ndi zaka 6 m'malo mwa 7, pulayimale yafupika kukhala zaka 6, ndipo dongosolo lonse likuyembekezera kuti mwanayo wadutsa kale kunazale. Amene sanadutseko akufika ali wamng'ono kuposa kale, pa ulendo wofupika kuposa kale.

Silabasi yomweyo inabwezeretsa Chingerezi ngati chilankhulo chophunzitsira kuyambira kunazale, pamene ya mu 2013 inkati mpaka giredi 4 ana aziphunzira m'chilankhulo chodziwika m'deralo, chomwe mu Lusaka chinali Chinyanja. Makolo ambiri a mumzinda anakondwera. Ankadandaula kuti Chinyanja cha m'buku si chomwe ana amalankhula ku Matero, kuti m'nyumba zina amalankhula Chibemba, Chitonga kapena Chisoli, ndipo kwa ambiri chizindikiro choti fizi ikugwira ntchito ndi mwana kubwera akuimba nyimbo ya Chingerezi. Ndikuwamvetsa. Koma mwana wa zaka 4 amaphunzira kuganiza, kufunsa ndi kufotokoza m'chilankhulo chomwe amamva, ndipo kuloweza mawu si kumva. Silabasi imalola mphunzitsi kugwiritsa ntchito chilankhulo cha ana pofotokoza, ndipo aphunzitsi abwino amachita zimenezo kale. Ufulu umenewo uyenera kutetezedwa, pamodzi ndi nthawi yosewera, chifukwa mpikisano wa nazale zolipiritsa ukukankhira ana ku homuweki ndi mayeso a kumapeto kwa temu asanadziwe kugwira pensulo. Kwa mwana wosamva, chilankhulo chake ndi chamanja, ndipo Persons with Disabilities Act ya mu 2012 imamupatsa kale ufulu wophunzira pamodzi ndi anzake; aphunzitsi ochokera ku ZAMISE, koleji ya aphunzitsi a ana olumala ku Kamwala, akufunika kunazale kuposa kwina kulikonse, popeza ndi pa msinkhu umenewu pomwe vuto la kumva kapena kuona limayamba kuonekera.

Zonsezi zimabwerera ku ndalama. Mu Novembala 2022, pamsonkhano wa UNESCO ku Tashkent, mayiko analonjeza kuyesetsa kuti 10 peresenti ya ndalama za maphunziro izipita kwa ana osayamba pulayimale. Dziko lomwe linali pansi pa 1 peresenti silingalumphe kufika pamenepo chaka chimodzi, ndipo anduna a zachuma kulikonse sakonda lamulo lowamanga manja ndi nambala. Chomwe chingatheke ndi kulemba m'lamulo ndalama ya pa mwana aliyense wa kunazale, yosiyana ndi ya pulayimale kuti isamezedwe, yowunikidwa chaka ndi chaka malinga ndi kukwera kwa mitengo, yofika kusukulu temu isanayambe. Bajeti ikaperekedwa kumapeto kwa Seputembala, buku la Yellow Book limaonetsa mzere wa maphunziro a ana aang'ono pawokha pansi pa unduna wa zamaphunziro. Phungu wanu amalandira bukulo, ndipo mukhoza kumufunsa kuti mzere umenewo ndi zingati, ndi zingati mwa izo zapita ku malipiro, ndi makalasi angati atsopano omwe akubwera m'dera lanu.